Disiketi ya Banyira

Kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Limbe, palibe munthu amene anandigonjetsapo pa nkhani yonenerera mtengo. Izi ndikulemba ndi dzanja langa, inu ana anga, kuti mawa wina asadzakunamizeni. Amayi ogulitsa kabichi ku Bvumbwe ankati akandiona ndikutsika galimoto ya esiteti, ankakodolana n'kumati, "Bisani zabwinozo, a Tsitsani afika." Dzina langa la ubatizo, Fedisoni, linangotsala pa chiphaso cha ntchito. Luso limeneli sindinalitenge kusukulu. Ndinayamwira kwa mayi anga, agogo anu a Esinati, amene anathyola tiyi moyo wawo wonse ndipo ankatha kunenerera singano mpaka wogulitsa kuwaonjezera ulusi. Malamulo awo anali awiri. Chimene ukuchifuna usachiyang'ane. Ndipo usachoke pamalonda wopanda banyira, kaja kapamwamba kamene wogulitsa amakuikira mukamvana kale.

1994

Chaka chimenechi ndi chimene anandichotsa pasikelo, pamene ndinkayeza masamba a anthu othyola, n'kundipititsa ku sitolo ya esiteti kukakhala wogula katundu. Bwana wamkulu wa nthawi imeneyo anali mzungu wamtali wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku lina anandipeza pageti ndikulimbana ndi mwini tambala, bwanayo ataimitsa galimoto n'kumangomvetsera. Mawa lake anandiitana ku ofesi. Ndinapita ndikuti ntchito yatha. Iye anangoti, "Tambala uja munagula?" Ndinati ndinagula, bwana, ndi mazira awiri apamwamba. Anati, "Lolemba muyambe ku sitolo."

Inali nthawi yovuta kugula kanthu. Kwacha inkagwa, mtengo wa m'mawa sunkafika madzulo. Malamba a makina a kufakitale ankasowa, majombo ankabwera a phazi limodzi, makoti a mvula ankafika mvula itatha. Koma kwa ine zinali ngati mwaponya nsomba m'madzi. Ndinkalowa m'sitolo ku Limbe ndikufuna lamba, n'kuyamba kufunsa za utoto. Ndinkanyoza utotowo, kunyoza misomali, kutsanzika, kufika pakhomo, kenaka n'kutembenuka ngati ndangokumbukira: "Kodi kalamba kafumbi kali apoko n'kogulitsa?"

Mwa anthu onse amene ndinawafinya m'zaka zimenezo, amene ndinawafinya kwambiri ndi a Muhiwa. Anali bambo wa Sabata, wokhala kufupi ndi mishoni, wofatsa, wovala tayi ngakhale kukutentha. Ankaphunzitsa anthu kutayipa pakhonde la nyumba yawo, ndipo ndiwo ankatikonzera makina otayipira a mu ofesi akafa. Akatchula mtengo ine ndinkagwira pamtima ngati ndalasidwa. Akatsitsa ndinkagwira kumutu. Tikamvana, ndinkawatulutsira chitini cha tiyi wa esiteti n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nayi banyira." Ndinkadziwa bwino kuti anthu a Sabata samwa tiyi. Iwo ankakana mwaulemu, ine n'kubweza chitini pashelefu, ulemu ndalandira, tiyi ndatsala naye. Chitini chimodzimodzicho chinagwira ntchito imeneyi zaka zingapo. Tsiku lina anangochilandira, n'kuchiika m'chikwama cha zipangizo, n'kunena kuti, "Zikomo a Tsitsani. Tiyiyo ndipatsa aneba, chitinichi chidzagwira ntchito." Ndinadandaula sabata yonse.

1998

Adona, akazi a bwana wamkulu uja, anabwera kuchokera kutchuthi ndi kamera yachilendo yosalowa filimu. Zithunzi zinkalowa mu disiketi, kachinthu kapulasitiki kophwatalala kangati kagawo ka buledi, kamene makompyuta a nthawi imeneyo ankasungiramo zinthu. Anaganiza zojambula anthu othyola tiyi, munda ndi munda, ndipo ananditenga ine kuti ndiziwamasulira. Anthu ambiri ankakondwa, ena mpaka kuthamangira kukomboni kukasintha malaya. Titafika kumunda kumene kunali agogo anu, zinthu zinaima.

Agogo anu anali asanajambulitsepo chibadwire. Sikuti ankaopa. Ankati sangapereke nkhope yawo kwa munthu n'kumulipiranso. Tsiku limenelo anatula dengu, n'kuyamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, monga ankachitira akafuna kuvuta.

"Iwe Fedisoni, uwafunse. Nkhope yangayi akaitenga, ine nditsala ndi chiyani?"

Ndinamasulira mofewetsa. Adona anaseka n'kunena kuti awapatsa paketi ya tiyi.

"Tiyi? Msana wangawu unapindika ndi chiyani? Uwauze ambulera ali nayoyo."

"Amayi, awa ndi akazi a bwana."

"Ndiye kuti kwawo ali nayo ina."

Ambulera inaperekedwa, kapitawo akuyang'ana kumbali kuti asaoneke akuseka. Agogo anu anaitsegula, kuitseka, kuona ngati nthiti zake zonse zili bwino, kenaka anakweza chala: "Nanga banyira?" Adona anavula mpango wa m'khosi. Apo m'pamene agogo anu anaima chilili, manja m'mbali, nkhope gwa ngati msilikali, n'kulola kujambulidwa.

1999

Bwana uja anapuma ntchito, ndipo adona anayala katundu wa m'nyumba pakapinga kuti agulitse. Pakati pa mipando ndi mapoto panali kompyuta yakale imene ana awo ankaseweretsa ali aang'ono. Inali itachita chikasu ngati dzino la wosuta fodya, ndipo ikayaka inkalira ngati chigayo chakutali. Mtima wanga unagwa pomwepo. Choncho sindinaiyang'ane. Ndinayang'ana simbi, ndinayang'ana mpando wa ana, ndinafunsa ngati galu akugulitsidwanso. Pomaliza ndinati, "Chiwailesi chakufachi mukachitaya kuti?" Ndinaitenga pamtengo umene mpaka lero ndimachita nawo manyazi kuutchula, ndipo banyira inali bokosi lathunthu la madisiketi.

Adona sanakwiye. Anandikhazika pansi masana onse n'kundiphunzitsa. Munalibe zithunzithunzi zodinapo ngati makompyuta anu a lero. Sikirini inali yakuda bii, ndipo umalemba lamulo ndi zala, ukalakwitsa chilembo chimodzi imakukanira. Mimba yake inali yaing'ono, sinkachedwa kudzaza. Ndiye anandionetsa pulogalamu imene iwo ankati ndi yozipira. Inkatenga mafayilo ambiri, kuwapanikiza, n'kuwamanga mtolo umodzi waung'ono. Ikapeza mawu obwerezabwereza inkawalemba kamodzi kokha n'kuika chizindikiro choti apa ndi pomwe paja. Ukafuna zinthu zako umalemba lamulo lina, mtolo n'kumasuka, zonse n'kubwerera mmene zinalili osasowa ngakhale kadontho.

Ndinati, "Adona, ili ndi belo la kaunjika." Inu mukulidziwa belo, mmene limabwerera lolimba ngati mwala, koma ukadula chingwe zovala zimadzaza chipinda. Kuyambira tsiku limenelo sindinanenepo kuti kuzipa. Ndinkati kutsendera.

Kenaka anatulutsa madisiketi asanu omangidwa ndi mphira, olembedwa manambala ndi cholembera chofiira. Anati zithunzi zonse za anthu othyola anazimanga mtolo umodzi, koma mtolowo unakula moti sukanakwana mu disiketi imodzi, ndiye pulogalamu ija inaudula n'kuugawa m'madisiketi asanu. "Amayi anu ali m'menemu, bambo Fedisoni. Koma asanuwa musawalekanitse. Amayendera limodzi." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinaseka. Mawu amenewo ndinali nditawamva kwa wogulitsa aliyense wa ku Limbe: makapuwa amayendera limodzi, matayalawa amayendera limodzi. Ndi nyimbo yoti ugule zonse.

Nditafika nayo kunyumba ndinauza agogo anu kuti nkhope yawo aitsendera m'kapulasitiki. Anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Kumunda amatiletsa kutsendera masamba m'dengu, ati amapsa. Bola asandiphwanye mphuno." Mtolowo sindinaumasule. M'kompyuta munalibe malo, komanso ndani amafuna chithunzi cha munthu amene akumukalipira pakhomo tsiku ndi tsiku?

Zaka zimenezo ndimazikumbuka ndi mtima wofewa. Ndikaweruka, magetsi akakhalapo, ndinkavundukula kansalu kamene amayi anu anaisokera, n'kuyatsa. Ndinkatayipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a ukwati, ndipo ndikamaliza ndinkatsendera zonse. Chimene chinkandikoma n'choti pulogalamu ija inkaonetsa mmene fayilo iliyonse yachepera. Fayilo imabwera ikuti ine ndikufuna malo akutiakuti, pulogalamu n'kuiuza kuti tsitsani. Ndinkakhala pamenepo ndikuichemerera ngati ndili ku mpira. Amayi anu ankati, "Bambo a Gilesi, mwapeza m'bale wanu." Kunja chiperoni chikuwaza, fungo la tiyi wouma likuchokera kufakitale, ine ndi m'bale wanga tikufinya makalata. Sindikudziwa ngati ndinakhalaponso wokhutira chotero.

2000

A Muhiwa anapatsidwa kompyuta imodzi ndi anzawo a kumishoni, ndipo anayamba kuphunzitsirapo pakhonde paja pambali pa makina otayipira. Wophunzira aliyense ankafunika disiketi yake, koma madisiketi anali osowa ndi odula. Anamva kuti ine ndili ndi bokosi. Anabwera kunyumba Lamulungu masana, tayi ili pakhosi, ndipo kwa nthawi yoyamba wogulitsa ndinali ine. Ndinawakwezera bwinobwino. Ena mwa madisiketiwo anali atayamba chuku chifukwa cha chinyezi cha kwathu kuno, koma ndinawaika pansi pa bokosi, monga amachitira a tomato. Titamvana, a Muhiwa sananyamuke. Anayang'ana aneba awiri amene anabwera kudzaonerera, n'kunena mofatsa kuti, "A Tsitsani, inu amene mumalalikira banyira m'misika yonse, lero muli tsidya linalo."

Aneba anaseka. Ndinalibe pothawira, ndipo m'bokosi munalibe chotsala. Maso anga anagwera pa asanu a mphira aja. Ndinayatsa kompyuta n'kuwalowetsa imodziimodzi kuti ndione kulemera kwake. Yoyamba yodzaza, yachiwiri yodzaza, mpaka yachinayi. Yachisanu inali ndi kanthu kochepa chabe, kotsalira pansi ngati makombo. Ndinaganiza monga munthu wa sitolo: ukakhala ndi matumba asanu a chimanga, wina n'kupempha limodzi, umapereka lopepuka. Zithunzi ziwiri zitatu za anthu a kumunda womaliza, basi. Agogo anu anajambulidwa m'masiku oyambirira, ndiye ali m'thumba loyamba. Ndinaipereka ndi manja awiri, ndikudzitama mumtima kuti ngakhale banyira ndapereka yopanda kanthu.

2003

Agogo anu anatisiya chaka cha njala chija, osati ndi njala, koma ndi chifuwa chimene chinawagwira nyengo yozizira. Chaka chotsatira tinagwirizana zomanga chiliza, ndipo azakhali anu anati pa tsikulo pakhale chithunzi, adzukulu amene sanawaone adziwe nkhope. Tinafufuza kwa abale onse mpaka ku Nchilamwela, osapeza. Chithunzi cha agogo anu pa dziko lonse lapansi chinali chimodzi, ndipo chinali m'kabati mwanga. Ndinauza abale kuti asadandaule, nkhani imeneyo ndi yanga.

Ndinafufuta makalata akale kuti malo apezeke, ndinalowetsa disiketi yoyamba, n'kulemba lamulo lomasula. Kompyuta inalira pang'ono n'kulemba kuti ndiike disiketi yomaliza. Ndinaika yachinayi, poti kwa ine yomaliza inali imeneyo. Inakana. Ndinabwereza, inakananso. Ndinaizimitsa n'kuiyatsa kuti mwina iiwale. Sinaiwale. Ndinayesa kuyamba ndi yachiwiri, kuyamba ndi yachitatu, monga umachitira ndi wogulitsa wouma mutu, kumuzungulira mbali zonse. Yankho linali lomwelo: yomaliza. M'bale wanga uja, amene ankafinya aliyense, tsopano ankafinya ine.

Ndinapita nawo kwa katswiri wina wa makompyuta ku Limbe. Anayesa zake zonse, kenaka anandibwezera. "Bambo, awa si matumba asanu. Ndi belo limodzi lodulidwa pasanu, ndipo mfundo ya chingwe ili pa yomalizayo. Kanthu kochepa mukunenako ndi kamene kamauza makina kuti chithunzi chilichonse chayambira pati, chathera pati. Popanda iko, izi ndi nsanza."

Mu minibasi pobwerera ndinkawerengera zaka. Zitatu, disiketi ili m'manja mwa ophunzira, amene amalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Komabe mawa lake ndinapita kwa a Muhiwa. Ndipo tamverani mmene ndinapitira. Ndinafika ngati wodutsa. Ndinayamikira nthochi zawo. Ndinanyoza denga la khonde. Ndinafunsa ngati ali ndi riboni ya makina otayipira. Kenaka, ndikuyasamula, ndinati, "Timadisiketi takale tija ndinakugulitsani tija, ngati tatopa ndikhoza kukuchotserani. Amayi akunyumba akufuna zoopsezera mbalame kudimba."

A Muhiwa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Onse?"

"Onse, ndi kabanyira kaja. Kungokuthandizani malo."

"Akugwira ntchito, a Tsitsani. Koma tchulani."

Ndinatchula mtengo wachipongwe. Iwo anapukusa mutu. Ndinaseka, ndinavala chipewa, n'kutsanzika. Apa m'pamene luso lonse lagona: umachoka, wogulitsa n'kukuitana. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pa mtengo wa mapeyala. Zii. Ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Zii. Ndinafika pamsewu, ndinaima ngati ndikudikira galimoto. Kumbuyo kwanga kunkangomveka makina otayipira, thaka thaka thaka, ngati akundiseka.

Kunyumba amayi anu anafunsa ngati ndabwera nayo. Ndinawafotokozera kuti zinthu zili bwino, munthuyo afewa, pakangopita masiku abwera yekha. Anasiya kusita n'kundiyang'ana.

"Bambo a Gilesi, mwakanenerera amayi anu?"

"Simukumvetsa. Akadziwa kuti ndikuifuna..."

"Adziwe! Kodi simukuifuna?"

Komabe sindinapite. Masiku anapita, a Muhiwa osabwera. Lachisanu madzulo amayi anu anabwera kuchokera kuchigayo nkhope itasintha. Anakumana ndi mayi wina wophunzira pakhonde paja, amene anawauza kuti Lolemba kukuyamba ophunzira atsopano, ndipo Lamulungu a Muhiwa afufuta madisiketi onse kuti atsopanowo ayambire poyera. Dzuwa linali litalowa kale, Sabata layamba. Tsiku lotsala linali limodzi, Loweruka, tsiku limene a Muhiwa sagula, sagulitsa, satchula n'komwe mtengo wa chinthu. Munthu ngati ine kupita kumeneko Loweruka kunali ngati msodzi kupita kunyanja wopanda ukonde.

Ndinapita masana, atabwerako kotchalitchi. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala uja ndi akazi awo, mabuku a nyimbo ali pamiyendo. Anandipatsa mpando. Ndinayamba ndi nthochi, mwachizolowezi. A Muhiwa anakweza dzanja.

"A Tsitsani, lero ndi Sabata. Ngati mwabwera ndi malonda, mubwere Lolemba."

"Lolemba zikhala zitatha."

"Zitatha chiyani? Mbalame za kudimba?"

Akazi awo anabisa kukamwa ndi buku. Ine ndinayang'ana chipewa changa. Ndinafufuza m'mutu njira ina, yokhota, yoti ndinene popanda kunena, koma sinapezeke. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinawanenepo kwa munthu aliyense wokhala ndi chinthu chimene ndikufuna.

"Aphunzitsi, ndikuifuna. Disiketi ya banyira ija. Mayi anga ali m'madisiketi anayi kunyumba, ndipo sangatuluke popanda imeneyo. Chithunzi china kulibe. Ndilibe mtengo woti nditchule. Ngati munaifufuta kale, ingondiuzani, ndikauze abale."

A Muhiwa ananyamuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitini cha tiyi, chomwe chija. Anachitsegula pamaso panga. Munali mpunga wouma woteteza chinyezi, ndipo pakati pa mpungawo panali disiketi yolembedwa nambala yofiira.

"Tsiku lomwe munandipatsa ndinailowetsa, ndinaona kuti ndi mchira wa chinthu. Mchira suyenda wokha. Ndinadziwa kuti mwini nyama adzabwera."

"Zaka zitatu! Bwanji osandibwezera?"

"Banyira sabweza, munandiphunzitsa ndinu. Komanso ndinkafuna ndidzaone ndi maso angawa tsiku limene a Tsitsani adzayang'ane chinthu chimene akuchifuna." Anandipatsira chitini chonse. "Lero sindigulitsa. Koma kupatsa sikuletsedwa pa Sabata."

Lamulungu anabwera kunyumba kudzaonerera. Amayi anu, azakhali anu ndi aneba anadzaza pabalaza. Ndinaika yachisanu, kompyuta inaiwerenga kanthawi kochepa n'kupempha yoyamba. Mayina a zithunzi anayamba kutsika pa sikirini. Yachiwiri inadutsa. Pa yachitatu makina anayamba kukukuta, kubwerera, kukukutanso, ndipo ndinakumbukira chuku chimene ndinagulitsa a Muhiwa pansi pa bokosi. Kenaka kompyuta inapitirira. Titamaliza tinayamba kutsegula zithunzi chimodzichimodzi, chilichonse chikutsika pang'onopang'ono kuchokera kumutu ngati munthu akutuluka m'nkhungu. Aneba ankafuula mayina. Uyu anamwalira, uyu anabwerera ku Mozambiki, uyu ndi uja anathawa ndi mkazi wa kapitawo.

Ine ndinkadikira msilikali uja wa manja m'mbali. Sanabwere. Kaya adona anachitaya chimenecho, kaya sichinatuluke bwino. Chimene chinatsika chinali china. Choyamba mizere ya tiyi, kenaka duku, kenaka maso ochenjera aja, kamwa lotsegula, ambulera kukhwapa, chala chili m'mwamba. Adona anawajambula mwakabisira pa nthawi imene ankati, "Nanga banyira?" Azakhali anu anakuwa, "Ndi omwewo! Akufuna chapamwamba!" Anthu anaseka mpaka kugwirana, kenaka kuseka kuja kunasanduka kwina. Ine ndinatuluka panja kukaona ngati mbuzi zili bwino. Tinalibe mbuzi.

Lolemba m'mawa, ndisanapite kuntchito, a Muhiwa anagogoda, tayi ili pakhosi. "Lero ndi tsiku la malonda," anatero. Sanayang'ane kompyuta. Anayamikira maluwa a amayi anu. Ananyoza chitseko changa. Anadandaula kuti ophunzira achuluka, kompyuta ndi imodzi, ena amatha temu yonse atangokhudzako kawiri. Kenaka anavala chipewa, anafika pakhomo, n'kutembenuka ngati angokumbukira: "Kodi chiwailesi chachikasuchi n'chogulitsa?"

Ana anga, ndinadziwa nyimbo imeneyo, poti ndinaipeka ndine. Ndikanatha kuwakwezera. Ndikanatha kunena kuti sichogulitsa, ndipo iwo sakanatchula za Loweruka, sanali munthu wotero. Makina amenewo anali chuma changa ndi ulemu wanga, komboni yonse inkabwera kudzatayipitsa kwa ine. Ndinayang'ana amayi anu. Iwo anayang'ana kudenga. Ndinati, "Sichogulitsa, aphunzitsi. Dikirani ndikasindikize chithunzi ku Limbe, kenaka mutumize wilibala."

Wilibala inabwera chithunzi chitapachikidwa kale. Tinakweza kompyuta, sikirini, kiyibodi ndi zingwe zake. A Muhiwa anayendera zonse ngati mmene agogo anu anayendera nthiti za ambulera. Kenaka munthu wa Mulungu uja anakweza chala.

"Nanga banyira?"

Amayi anu anaseka mpaka kukhala pansi. Anapita okha kukatenga kansalu kovundikira kaja n'kuwapatsa.

2009

Ndapuma ntchito chaka chino. Ku sitolo tsopano amagula katundu pa foni, mitengo itabwera kale yolembedwa, palibe wogwira pamtima kapena kumutu. Madisiketi anatha, ana a masiku ano akaona imodzi amafunsa ngati ndi choikapo kapu. Kompyuta yachikasu ija inagwira ntchito pakhonde la a Muhiwa mpaka inafa ndi mphenzi, ndipo iwe Gilesi unaphunzirira pomwepo, ukudziwa wekha kuti sanakulipiritse. Ukandiuza kuti ku ofesi kwanu umazipa mafayilo podina kamodzi, ine ndimakumbuka kulira kwa chigayo chakutali kuja ndi fungo la tiyi m'chiperoni. Chitini chili pa kabati, madisiketi asanu ali m'kati, omangidwa ndi mphira watsopano. Palibenso makina owawerenga, koma musadzawalekanitse.

A Muhiwa akalamba, koma Lamulungu lililonse amabwera kudzakhala pakhonde langa, ine ndi kapu ya tiyi, iwo ndi madzi otentha a mandimu. Nkhaniyi amaifotokoza mwa njira yawoyawo. Amati anagula kompyuta yathunthu ndi disiketi imodzi imene anaipeza yaulere, m'chitini chimene anachipezanso chaulere, ndipo analandira ndi banyira pamwamba. Ine ndimati chinthu chodula kuposa zonse zimene ndinafunapo pa moyo wanga ndinachitenga osalipira kalikonse, pa tsiku limene mwini wake sakanatha n'kutchula mtengo, ndipo kompyutayo ndinapereka mwa kufuna kwanga. Tikakangana kwambiri timayang'ana pakhoma, pamene agogo anu aima ndi ambulera kukhwapa, chala m'mwamba, ngati akutiuza kuti tonse awiri tikadali ana pa ntchito imeneyi. Amayi anu amakana kuweruza, amati anatopa nafe. Ndiye ndasiyira inu. Ndinayamba ndi kunena kuti palibe anandigonjetsapo, ndipo sindifufuta. Koma inu mwamva zonse: pakati pa ine ndi a Muhiwa, anapambana ndani?